Kaputeni wanu lero ndi mayi: bwanji tikudzidzimukabe?

Nachisale:
Abale anga pagulu pano, ndili ndi funso lomwe landikhala pamtima kuyambira sabata yatha. Ndinakwera ndege ulendo wa maola anayi. Titakhala pansi n'kumanga malamba, pa sipika panamveka mawu a mzimayi akutilandira, akutiuza za nyengo ya komwe tikupita, kenako akuti ndine kaputeni wanu. Bambo amene anakhala pafupi nane anatembenuka n'kundiyang'ana ngati ndine ndinamulemba ntchito mayiyo. Akuti, "Lero tipemphere kwambiri." Anaseka yekha. Ine sindinaseke, koma ndisaname, nanenso ndinadzidzimuka pang'ono. Sikuti ndinaopa ayi, kungoti ndakwera ndege kambirimbiri ndipo aka kanali koyamba kumva mawu a mkazi kuchokera kutsogoloko. Ndiye ndikufunsa, makamaka inu ogwira ntchito za ndege: n'chifukwa chiyani amayi ali ochepa chonchi pa ntchitoyi? Ndege zinayamba kuuluka zaka zoposa 100 zapitazo, koma mpaka lero tikutembenukabe makosi.

Chimphepo:
Achemwali, yankho lake n'losavuta. Akazi ambiri safuna. Palibe amene waima pakhomo ndi chibonga. Ntchito yogona kunja masiku anayi pa sabata, Khirisimasi uli mu hotela ya dziko la eni, mwana akudwala iwe uli mumlengalenga. Ndi akazi angati angasankhe zimenezo?

Namoyo:
A Chimphepo, ngati vuto ndi kugona kunja, nanga atsikana amene amakupatsirani chakudya mundegemo amagona kuti? Hotela ndi yomweyo, Khirisimasi ndi yomweyo, mwana wodwala ndi yemweyo. Koma kumbuyoko akazi ndiye odzaza. Chosiyana ndi mpando ndi malipiro basi.

Ine ndimayendetsa ndege, chaka chino n'chachisanu ndi chimodzi. Ndimakhala mpando wa kumanja, wa wachiwiri kwa kaputeni. Ziwerengero zimasiyana pang'ono kutengera amene wawerenga, koma zonse zimazungulira pa akazi 5 mwa oyendetsa ndege 100 aliwonse padziko lonse. ICAO, bungwe la United Nations loona za ndege, itawerenga mu 2021 inapeza 4 mwa 100. Tsono chimene chimandichititsa chidwi ine ndi India. Kumeneko akazi amapitirira 12 mwa 100, kuposa America ndi Britain komwe anthu amaganiza kuti ndiko kuli ufulu wonse wa amayi. Kodi tinene kuti akazi a ku India sakonda ana awo? Kapena kumeneko ndege zimabwerera kunyumba dzuwa lisanalowe? Ngati chiwerengero chikusintha chonchi ukangodutsa malire a dziko, ndiye kuti nkhani si chibadwa cha mkazi.

Chimphepo:
Ndiye India yachita chiyani chapadera?

Namoyo:
Makampani a ndege kumeneko akula mofulumira kwambiri m'zaka makumi awiri zapitazi, ndiye amalemba anthu atsopano ambiri nthawi imodzi. Khomo likatseguka kwambiri amalowa nawo amene kale ankatsalira panja. Komanso anayamba kale. Prem Mathur ankayendetsa ndege za Deccan Airways, Durba Banerjee za Indian Airlines, zaka zoposa 50 zapitazo. Mtsikana wa kumeneko amakula atamvapo kuti ntchitoyi mkazi anaigwirapo. Ena amatchulanso mabanja aakulu momwe agogo amathandiza kulera ana, ndipo ine ndimaona kuti pamenepo pali choonadi.

Agogo a Mainjini:
Ndiloleni ndilowererepo, ana anga. Ine ndagwira ntchito yokonza ndege zaka 34, pano ndinapuma. A Chimphepo mwati palibe amene anaima pakhomo ndi chibonga. Analipo, mwana wanga, ndipo anaima nthawi yaitali.

Mkazi woyamba kulandira laisensi yoyendetsa ndege anali Raymonde de Laroche wa ku France, mu March 1910, patangopita zaka zisanu ndi chimodzi abale aja a Wright atauluka koyamba. Bessie Coleman, mkazi wakuda wa ku America, masukulu a kwawo atamukana anaphunzira Chifalansa, n'kuwoloka nyanja, n'kukatenga laisensi yake ku France mu 1921. Ndiye kufuna kunalipo kuyambira pachiyambi penipeni.

Tamverani nkhani ziwiri izi. Ellen Church anali namwino, komanso anali ndi laisensi yoyendetsa ndege. Mu 1930 anapita ku Boeing Air Transport. Mpando wakutsogolo sanamupatse. Chimene anavomera n'chakuti azisamalira okwera, ndipo umo ndi momwe ntchito ya ma air hostess inayambira. Taganizani, mkazi woyamba kugawa chakudya mundege anali munthu wodziwa kuyendetsa ndege.

Wachiwiri ndi Helen Richey. Central Airlines inamulemba kumapeto kwa 1934. Bungwe la oyendetsa ndege, la amuna okhaokha, linamukana umembala. Akuluakulu a boma anati aziuluka pokhapokha kunja kukacha bwino. Chaka chisanathe anasiya. Kuchokera pamenepo ku America kunadutsa zaka 38 khomo lili chitsekere, mpaka 1973 pomwe Frontier inalemba Emily Howell Warner ndipo American inalemba Bonnie Tiburzi. Zaka 38! Khanda lobadwa tsiku limene Richey anasiya linali litayamba kumera imvi. Ku Ulaya nako sikunali kwabwino kwenikweni: SAS inalemba Turi Widerøe mu 1969, koma British Airways inafika 1987 isanakhale ndi mkazi kutsogolo.

Chimphepo:
Agogo, ndamva, koma 1973 ndi kalekale. Zaka 50 zapita. Chibonga chija anachitaya.

Agogo a Mainjini:
Anachitaya, koma chilonda sichipola tsiku limene wasiya kumenya. Kwa zaka zambiri makampani akuluakulu, makamaka a ku America, ankatola oyendetsa ndege ku usilikali, chifukwa kumeneko munthu amaphunzira osalipira n'kutuluka ndi maola ambirimbiri. Nanga kuusilikaliko akazi ankaloledwa? Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse akazi oposa 1,000 a gulu la WASP ankayendetsa ndege zankhondo kuchoka ku mafakitale kupita ku misasa. 38 anafera pa ntchitoyo. Mu December 1944 anawabweza kunyumba, ndipo boma linadzawazindikira ngati asilikali mu 1977. Kupita ndi ndege kukamenya nkhondo kwenikweni akazi a ku America analoledwa mu 1993. Mtsinje ukatsekedwa kumtunda, kumunsi madzi amafika mochedwa ngakhale mutatsegula lero.

China n'chakuti ntchitoyi imayendera ukale. Tsiku limene walembedwa umapatsidwa nambala, ndipo nambalayo ndiyo imanena kuti udzakhala liti kaputeni, uyendetsa ndege iti, tchuthi utenga mwezi uti. Munthu amapuma ali ndi zaka 65. Ena amene analowa mu 1990 akadali pamipando. Gulu lotere silisintha nkhope msanga.

Namoyo:
Apo pa nambala agogo mwakhudza pomwe pamapweteka. Zaka zimene uli pansi pa mndandanda, zomwe umapatsidwa maulendo amene akuluakulu akana, ndi zaka zomwezo zimene mkazi amafuna kubereka. Ukatenga pakati, malamulo a ku Ulaya amalola kuuluka mpaka sabata ya 26 ngati dokotala wavomereza, koma makampani ena amakutsitsa tsiku lomwelo limene wanena. Pobwerera uyenera kulowanso mu simulator, makina oyerekezera kuyendetsa ndege uli pansi, kuyesedwanso, anzako amene munayamba limodzi ali kuunjika maola nthawi yonseyo. Izi a Chimphepo mukanatchula ndikanakuvomerani theka.

Tisaiwalenso ndalama. Ku Britain maphunziro athunthu amafika pa mapaundi 100,000. Banja likamagulitsa katundu kuti mwana mmodzi aphunzire, kawirikawiri mwanayo sakhala wamkazi.

Kadzidzi:
Ine ndili ndi funso la pambali, admin musandithamangitse. Mwakamba za akazi, chabwino, tikuwaona ndi maso, tikhoza kuwawerenga. Nanga ma gay? Aliyense amadziwa nthabwala zija zoti anyamata ogwira ntchito kumbuyo kwa ndege ambiri ndi otero. Koma woyendetsa ndege sindinamvepo. Kodi kulibe, kapena sitiuzidwa?

Chimphepo:
Eee, apa ndiye tasochera. Za mathanyula zikukhudzana bwanji ndi ndege?

Admin:
A Kadzidzi, funso lanu lili m'malo, likukhudza ntchito. A Chimphepo, liwu limenelo pagulu pano ayi. Tsutsani mfundo momwe mungafunire, koma mosanyoza. Pali membala amene wanditumizira uthenga kumbali, akufuna ayankhe mosaonetsa dzina. Ndiziika mawu ake momwe walembera.

Wobisa dzina:
Zikomo admin. A Kadzidzi, tilipo. Ine ndine mmodzi. Ndayendetsa ndege zaka 11, ndipo mwa makaputeni mazanamazana amene ndakhala nawo mpando woyandikana, odziwa za moyo wanga sakwana asanu.

Vuto la achemwali anga a Namoyo ndi langa n'zosiyana kutalitali. Iwo akangolowa m'chipinda aliyense waona kale, sangabisale ngakhale atafuna. Ine palibe amandiona, ndipo tsiku lililonse ndimasankha kunena kapena kusanena. Iwo amawerengedwa n'kupezeka ochepa. Ife palibe amatiwerenga, chifukwa pa laisensi palibe polemba zimenezo, ndipo ngakhale kampani itatumiza fomu, ambiri a ife sitingalembe zoona. Choncho aliyense wokupatsani chiwerengero chathu akungolota.

Anthu sadziwa momwe ntchitoyi imakhalira. Pa kampani yaikulu, kaputeni amene ukuuluka naye lero mwina sunamuonepo chibadwire. Mumakumana ola limodzi ndege isananyamuke, kenako mumatsekeredwa m'kachipinda kochepa, chitseko chokhoma, maola asanu ndi atatu muli phewa ndi phewa. Pansi pa mafiti 10,000 lamulo limaletsa nkhani zosakhudza ntchito, koma mukangopitirira pamenepo, autopilot n'kugwira ntchito yake, funso loyamba limabwera: "Uli pabanja? Ana angati?" Si funso loipa, ndi ulemu wamba. Koma ine pamenepo mutu umayamba kuwerengera. Munthu uyu ndikhala naye masiku anayi. Akhoza kulemba lipoti la momwe ndagwirira ntchito. Mwina ndi yemweyu adzandiyese mu simulator chaka chamawa. Chichewa chikanandipulumutsa, chifukwa ndikati "ndili ndi munthu wanga, iye amagwira ntchito yakuti" palibe angadziwe kuti ndi mwamuna kapena mkazi. Koma mundege timalankhula Chingerezi, ndipo m'Chingerezi sungakambe za munthu mphindi ziwiri osaulula. Ndiye ndimayankha mwachidule n'kufunsa msanga za ana ake. Makaputeni amakonda kukamba za ana awo, zimandithandiza.

Tsiku lina kaputeni wina, katswiri ndithu pa ntchito, anayamba kuseka mnyamata wa kumbuyo amene anatibweretsera khofi. Momwe amayendera, momwe amalankhulira. Anaseka kuyambira tili pamwamba pa nyanja mpaka tikuyamba kutsika. Ine ndinaseka nawo. Mpaka lero chimene chimandiwawa n'chakuti ndinaseka nawo.

Nangozo:
A Wobisa dzina, ndinene chilungamo, chikhulupiriro changa sichigwirizana ndi moyo umenewo, ndipo sindisintha chifukwa cha zokambirana za pa intaneti. Koma zimene mwalemba ndawerenga kawiri. Funso langa ndi ili, mosanyoza: bwanji osangokhala chete? Ine ndikakwera ndege sindifuna kudziwa kuti kaputeni amakhala ndi ndani kunyumba kwake. Ndimafuna anditeretse bwino. Za kunyumba zitsale kunyumba.

Wobisa dzina:
Amayi, funso lanu ndalilandira bwino. Pa sipika simudzazimva, musade nkhawa. Koma lamulo loti za kunyumba zitsale kunyumba limagwira ine ndekha. Kaputeni amandionetsa zithunzi za ukwati wa mwana wake, amandiuza za mkangano wake ndi akazi ake, ndipo palibe amati wabweretsa za kuchipinda pa ntchito. Palinso nkhani ya mapepala: matikiti otchipa amene kampani imapatsa mkazi kapena mwamuna wa wantchito, inshulansi ya chipatala, dzina la munthu woimbiridwa foni pakachitika choipa. Pa fomu yanga pali dzina la mlongo wanga. Ndege itagwa, munthu amene ndakhala naye zaka zisanu ndi ziwiri adzamvera pa wailesi.

Agogo a Mainjini:
Apa pali mfundo ya chitetezo imene ndikufuna mayi Nangozo aimve, chifukwa ikukhudza kuteretsedwa bwino kumene akufunako. Mu March 1977 ku Tenerife ndege ziwiri za Boeing 747, ya KLM ndi ya Pan Am, zinagundana pa msewu wonyamukira muli chifunga, anthu 583 anafa. Kaputeni wa KLM anali mkulu wophunzitsa anzake, munthu wolemekezeka kwambiri pa kampaniyo. Injiniya wa m'ndegemo anafunsa ngati ndege inayo yachoka pa msewu, kaputeni anayankha motsimikiza, ndipo palibe anaumirira. Chaka chotsatira ndege ya United inatha mafuta pafupi ndi Portland, kaputeni ali kalikiliki ndi vuto la matayala, anzake akutchula za mafuta mwamanyazi. Ngozi ngati zimenezi ndi zomwe zinabala maphunziro otchedwa CRM, ophunzitsa wamng'ono kulankhula mosaopa ndi wamkulu kumvetsera.

Tsono funso langa ndi ili. Munthu amene wakhala maola asanu ndi limodzi akumeza mawu, akudzipinda, akuseka nthabwala zomunyoza yekha, kodi pa mphindi imodzi ija yofunika pakamwa pake padzatseguka msanga kuti "kaputeni, lekani, tibwerere m'mwamba"? Limenelo ndi ganizo langa ine nkhalamba.

Namoyo:
Zimenezo n'zoona kwa ifenso. Pali makaputeni amene ukawauza chinthu amayamba ayang'ana kaye pa chida, ngati kuti mawu ako paokha sakwanira. Si ambiri, ndinene zoona, ambiri ndi anthu abwino. Koma mmodzi amakwana kukuphunzitsa kuganiza kawiri usanalankhule, ndipo kuganiza kawiriko n'kumene CRM inabwera kudzathetsa.

Achimwene a Wobisa dzina, mwanena bwino kuti ine sindingabisale, koma chodabwitsa n'chakuti ngakhale ndavala mizere itatu pa phewa, chizindikiro cha wachiwiri kwa kaputeni (kaputeni amavala inayi), anthu sandiona. Ku hotela amandipatsa makiyi pamodzi ndi a kumbuyo. Pakhomo la ndege munthu amandipatsa jekete kuti ndikamupachikire. Ndipo nkhani ziwirizi zimakumana pena: mkazi ukakhala pa ntchitoyi usanakwatiwe, tsitsi lalifupi, mphekesera zimayamba zokha, kaya n'zoona kaya ayi. Ndiye taganizani za mkazi amene n'zoonadi kwa iye. Wasenza mitolo yonse iwiri.

Kadzidzi:
Ndiye kulibe mabungwe owathandiza?

Wobisa dzina:
Alipo. Ku America kuli National Gay Pilots Association, lomwe linayamba mu 1990 ndi anthu ochepa okumana ku Provincetown. Taonani chakacho. N'chomwecho chimene WHO inachotsa nkhaniyi pa mndandanda wa matenda a maganizo. Kwa woyendetsa ndege imeneyo si nkhani yaing'ono, chifukwa ntchito yathu yonse imapachikika pa chiphaso cha dokotala. Ndipo mtsinje wa usilikali umene agogo anena unatsekedwa kwa ifenso. Britain inachotsa chiletso mu 2000. America inakhala ndi lamulo lija loti usafunse, usanene mpaka 2011, ndipo woululika ankachotsedwa. Makaputeni ena a lero anakulira m'menemo. Khoti lalikulu la ku America linadzagamula mu 2020 kuti kuchotsa munthu ntchito pa chifukwa chimenechi n'kuphwanya lamulo. 2020, dzulodzuloli.

Koma ngakhale kampani yako ikhale yabwino chotani, ndege imatera kwa eni. Mayiko oposa 60 ali ndi malamulo oletsa, ndipo m'mayiko ena monga Iran ndi Saudi Arabia chilango chimatha kufika pa imfa. Mu 2016 Air France itayambiranso maulendo a ku Tehran, likulu la Iran, akazi ogwira ntchito mundege anakana kukakamizidwa kuvala mpango kumutu, ndipo analoledwa kukana ulendowo. Anyamata ngati ine anayamba kusonkhanitsa masiginecha kupempha zomwezo. Ine ndisanatere m'mayiko ena ndimafufuta zithunzi mu foni, ndipo ndikafika ku hotela sindituluka.

Chimphepo:
Chabwino, admin, ndapepesa pa liwu lija. Koma pali chimodzi chomwe sindigonja. United inalengeza mu 2021 kuti sukulu yake idzaphunzitsa anthu 5,000 pofika 2030, ndipo theka akhale akazi ndi anthu osakhala azungu. easyJet nayo inadziikira kuti 20 mwa 100 a olowa kumene akhale akazi pofika 2020. Ine ndikakhala kumwamba kuja sindifuna munthu wolowa chifukwa chokwaniritsa chiwerengero. Ndifuna wodziwa kwambiri, kaya ndi ndani. Ndalakwa?

Namoyo:
Simunalakwe kufuna wodziwa, nanenso ndikakhala kumbuyo ndimafuna yemweyo. Koma siyanitsani khomo la sukulu ndi khomo la ndege. Zimene mwatchulazo ndi za olowa kumene. Kuchoka pamenepo mayeso ndi amodzi. Ku America sungakhale ngakhale wachiwiri kwa kaputeni pa kampani yonyamula anthu usanakwanitse maola 1,500, kupatula ochokera ku usilikali ndi ku makoleji ena omwe amachepetseredwa, ndipo lamulo limenelo linabwera pambuyo pa ngozi ya Colgan Air ya 2009. Ukalembedwa, mu simulator umabwereramobe, ife miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Amakuzimitsira injini pa nthawi yonyamuka, amakuyatsira moto, amakuchotsera magetsi. Ukalephera amakutsitsa. Injini yozima sifunsa kuti manja amene agwira chiwongolero ndi a ndani.

Mu April 2018 injini ya ndege ya Southwest inaphulika m'mwamba, chidutswa chinaswa zenera, mayi mmodzi anamwalira. Amene anaiteretsa ku Philadelphia ndi Tammie Jo Shults, mmodzi wa akazi oyamba kuyendetsa ndege yankhondo ya F/A-18 ku gulu lankhondo la pamadzi la America. Mukamvetsere momwe ankalankhulira ndi oyang'anira ndege pansi, ngati akungopempha madzi akumwa.

Koma ndikuvomereni pena. Zolengeza zimenezi ife zimatilemetsa. Mwamuna akatera mogunda amati ndi mphepo, ine ndikatera mogunda amati ndi aja analowa pa chiwerengero. Ndipo pa maulendo aja a akazi okhaokha, monga uja wa Ethiopian Airlines wopita ku Bangkok mu November 2015, mtima wanga uli pawiri. Mtsikana wa zaka khumi akaona chithunzi cha Amsale Gualu, kapena cha Irene Koki Mutungi wa Kenya Airways, mizere inayi ili pa phewa, china chake chimayaka mwa iye, sindikana. Koma makamera akachoka ndandanda ya ntchito imakhala yomweyo, ndipo yunifomu yanga yoyamba inali ya mwamuna, anangoipinda manja.

Chimphepo:
Kkkk "amati ndi mphepo". Apo mwandigwira, chifukwa nanenso ndikanaganiza choncho. Koma za chiwerengerozo sindinakhutirebe. Akanangotsitsa fizi kwa aliyense wosauka, akazi akanalowa okha popanda kuwapachika chikwangwani.

Namoyo:
Mwina. Akatsitsa mundiuze, ngongole yanga sinathe.

Nangozo:
Ndifunse zina. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 15, masamu amakhoza, ndipo amangokhalira kuonera ndege zikutera pa YouTube. Koma ndi wamfupi. Ena anamuuza kuti sangafikire zopondera. Zoona?

Agogo a Mainjini:
Amunamiza. Lamulo la ku America la kapangidwe ka ndege zazikulu limati zowongolera zonse zifikiridwe ndi munthu wotalika kuyambira mafiti 5 ndi mainchi 2 mpaka mafiti 6 ndi mainchi 3, ndiko kuti masentimita 157 mpaka 190 kapena apo. Mpando umasuntha, zopondera zimasuntha. Za mphamvu zija nazo n'zakale. Ndege za masiku ano zimakhotetsedwa ndi ma hydraulic ndi makompyuta, ndipo pa Airbus kachogwirira kake mumangokagwira ndi dzanja limodzi. Chimene muchite choyamba, musanalipire kalikonse ku sukulu, mupite naye kwa dokotala wa za ndege akayezedwe chiphaso cha Class 1. Chimagwetsa ena ndi maso osasiyanitsa mitundu, ngakhale vuto limenelo, mumve a Chimphepo, limagwira amuna kwambiri kuposa akazi. Kenako afufuze mabungwe monga Ninety-Nines, lomwe linayamba mu 1929 ndi akazi 99, ndi Women in Aviation International. Amapereka thandizo la fizi chaka chilichonse.

Nachisale:
Zikomo nonse, sindinkadziwa kuti funso langa lifika kuno. Bambo uja, kuti ndimalize nkhani yake, anagona ulendo wonse, mapemphero aja sindinawamve. Ndatsala ndi funso limodzi kwa a Wobisa dzina. Achimwene, pa zaka 11 zimenezi mukuona kusintha?

Wobisa dzina:
Pang'ono, achemwali. Achinyamata amene akulowa pano ambiri siziwadabwitsa. Ndipo mwa ochepa aja odziwa, mmodzi ndi kaputeni wachikulire, wopemphera kwambiri, amene atamva anangoti "chabwino, tiwerenge checklist", ndipo titakumananso patapita miyezi anandifunsa kuti mnzanga uja ali bwanji. Sindinayembekezere. Koma chaka chamawa nambala yanga ikufika pa ukaputeni, ndipo mmodzi wa oyesa ndi uja wa khofi. Ndiye fomu ija ikhala kaye ndi dzina la mlongo wanga mpaka mzere wachinayi utakhala pa phewa. Ndikutsanzikani, galimoto yotitenga yafika. Ndili ndi masiku anayi ndi kaputeni amene dzina lake ndaliona koyamba dzulo pa ndandanda.